Za Garu Wacilendo ndi Cirombo ca ku Dowa

Abale ndi alongo a m'midzi ya ku Dowa ndi ku Nchisi, tiyeni tiweruze pamodzi mlandu umodzi wooneka waung'ono. Mwana woweta mbuzi akomana ndi garu wosamdziwa m'njira ya kudambo. Garuyo sauwa, sathawa, angomyang'ana ndi kutsogola pang'ono pang'ono kulinga kuphiri. Mwanayo anena mumtima mwace, Kapena garu uyu wasokera, ndimtengere kwathu. Kapena wanunkhiza kalulu, ndimtsate ndikapate ndiwo. Kodi acita bwino kumtsata? Ndipo ife akuru tikamletsa, kodi sitimphunzitsa kuuma mtima? Funso ili nlobvuta ndithu, pakuti cifundo ndi cinthu cokoma, ndipo palibe kholo lofuna kucizula mumtima mwa mwana wace.

Tisanayankhe, tikumbukire zimene zinaoneka kwathu kuno. M'mwezi wa March caka ca 2003 cirombo cinalowa m'midzi ya ku Dowa, nicipha anthu 3, ndiwo amai awiri okalamba ndi kamwana ka zaka 3, nicibvulaza ena 16. Anthu ngati 4,000 anasiya nyumba zao ndi cimanga cao m'munda, nathawira ku Boma. Caka ca 2002 cirombo cina cidapha anthu 5 m'dziko lomweli cisanaomberedwe mfuti. Anchito a Boma oyang'anira nyama za kuthengo anati ndi fisi wodwala ciwewe. Koma anthu ambiri anakana, nati, Fisi timdziwa ife; ndi wamantha, ayenda usiku, akamva liu la munthu athawa. Ici si fisi iai. Ena anatinso cirombo cophedwa cija cauka kudzabwezera.

Anthuwo sananame ponena kuti fisi sacita motero. Koma imeneyo ndiyo nchito ya ciwewe. Kacirombo ka nthendayi kakhala m'malobvu a nyama yodwala. Kalowa pa bala, kayenda m'mitsempha pang'ono pang'ono, kufikira katalowa mu ubongo; ndipo pamenepo nyama iiwala makhalidwe a mtundu wace. Fisi aiwala mantha, nkhandwe ifika pabwalo dzuwa liri pamutu. Garu wina acita ukali, naluma ciri conse, ngakhale mtengo. Wina angofatsa, cibwano ciri lende, malobvu ali cucucu, ngati wameza pfupa. Cifukwa cace tidziwe ici: nyama ya kuthengo ikaleka kuopa munthu, sindiko kuti yasanduka bwenzi. Ndipo kufatsa kwa garu wacilendo sikutiuza kanthu za m'thupi mwace.

Tsono fisi aitenga kuti nthenda yotere? Apa mpamene pali mau otilasa. Ife tiloza cala kuphiri, ndi kunena kuti zoipa zitsika m'nkhalango. Koma ofufuza nthendayi anapeza kuti m'maiko ambiri a Africa mudzi wace weni weni wa ciwewe ndiwo agaru a pakhomo, ndi kuti zirombo kawiri kawiri ziitenga kwa iwo, pokomana kudzala usiku kapena polimbirana nyama yakufa. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la World Health Organization, liwerenga kuti anthu ngati 59,000 amafa ndi ciwewe caka ndi caka, ocuruka a ku Africa ndi ku Asia, ndi kuti pa anthu 100 otenga nthendayi pafupi fupi 99 aitenga kwa garu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama yokayikitsa, 4 ndi ana osafika zaka 15. Cirombo ca ku Dowa cinamveka mpaka kutsidya kwa nyanja, cifukwa cinaopsa anthu zikwi nthawi imodzi. Garu apha mmodzi mmodzi, mwakacetecete, ndipo maliro ace samveka patali.

Comweco yankho loyamba ndi ili: mwana asamtsate garu uja, asamgwire, asamdyetse m'manja. Sitinena kuti garuyo ngwoipa mtima. Iye alibe mlandu, monganso fisi uja analibe mlandu, anali wodwala cabe. Tinena kuti cifundo ciyenera kukhala ndi maso. Munthu wolumphira m'madzi akuya osadziwa kusambira, kuti apulumutse mnzace, acititsa maliro awiri. Timphunzitse mwana kuti akakomana ndi garu wosamdziwa aime ciriri ngati mtengo, asathamange, asamponye mwala, asamtong'olere maso. Garu akapita, abwerere kumudzi nauze akuru. Akakomana ndi nyama ya kuthengo yosathawa, abwerere cam'mbuyo modekha ndi kusiya njira. Kumeneko si kuuma mtima, koma ndiko kudziwa kuti nchito iyi yamkulira, ndi ya akuru.

Koma tikalekeza pa kuletsa mwana, taweruza theka la mlandu, ndipo theka lotsalalo nlathu. Garu wopanda mwini sanagwe kucokera kumwamba. Alipo wina anamtenga ali kamwana kuti azilonda nkhokwe ndi kupita naye ku uzimba. Pofika mwezi wa njala anamleka adzifunire yekha. Alipo wina anataya tiana ta garu kumtsinje, cifukwa tinacuruka. Cifundo cimene mwana afuna kucita m'njira ndi cimene ife tinakana kucita pakhomo. Mwanayo aika moyo wace pa ngozi polipira mangawa a akuru.

Ndipo mangawa amenewa ngokhoza kubwezeka. Odziwa za ziweto atiuza kuti agaru 7 mwa 10 ali onse a m'dziko akalandira katemera, nabwereza caka ndi caka, nthenda isowa poponda, nizima ngati moto wofika pa lambwe lopsa kale. Caka ca 2015 ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi anchito a Boma anatemera agaru oposa 35,000 m'masiku 20. Cimene cinatheka m'mzinda waukuru sicikanika ku Mponela, ku Mvera, ku Madisi kapena ku Malomo, ngati eni agaru abwera nao pa tsiku loitanidwa. Wina adzati, Garu wanga ngwofatsa, sanalume munthu ndi kale lonse. Wina adzati, Katemera afoola garu, sadzagwiranso kalulu. Mau acabe amenewo. Garu wofatsa akalumidwa usiku ndi mnzace wodwala, mwini wace sadziwa. Ndipo woyamba kulumidwa ndi garuyo adzakhala mwana amene amasewera naye masiku onse. Akuru anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Palinso coipa cina cobadwa ndi mantha. Tikati cirombo ncotumidwa, tiyamba kufuna amene anacituma, ndipo maso athu agwera nkhalamba ina yosauka ya kumalire a mudzi. Pamene tiri kuombeza ndi kutukwanizana, masiku ali kutha, ndipo masikuwo ndiwo moyo wa wolumidwayo. Pakuti ciwewe cibisala m'thupi, kawiri kawiri miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale. Koma cikaonekera, munthu nayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe mankhwala omcotsa ku imfa. M'kati mwa masiku obisalawo ndimo muli cipulumutso. Caka ca 1885 ku Paris, Louis Pasteur anabaya katemera mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, wolumidwa koopsa ndi garu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo nakula. Kuyambira pomwepo anthu adziwa cocita: kutsuka bala msanga ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati garuyo afa, ndiponso kubwerera kukatsiriza jekeseni zonse monga adokotala anena.

Mau otsiriza akhale kwa inu amai ndi atate. Ana ambiri abisa bala la garu cifukwa coopa ndodo. Anauzidwa kuti asatsate agaru, anatsata, analumidwa pang'ono pa mwendo, nabvala nsaru pamwamba pace, nakhala cete. Cilango cathu cikakhala coopsa kuposa mano a garu, ndife tamtsekera mwana njira ya ku cipatala. Muuzeni lero, asanalumidwe, kuti akadzafika ndi bala, ngakhale kakang'ono ngati kokanda ndi munga, simudzamkwapula iai, koma mudzatenga sopo ndi madzi. Ndipo m'mawa muone garu wogona paphulusa kuseri kwa nyumba yanu, ndi kudzifunsa tsiku limene anabaidwa katemera.