KODI MKHRISTU WAMKULU APITE KWA PHUNGU WA ZA MAGANIZO?

Masiku ano m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndiponso pakati pa abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London, mwabuka chizolowezi chimene makolo athu sadachidziwe. Munthu wamkulu ndithu, wa banja lake ndi ntchito yake, wosadwala malungo kapena chifuwa, anyamuka sabata ndi sabata kunka kwa katswiri wa za maganizo. Alowa m'chipinda, akhala pansi, nafotokoza za mumtima mwake kwa mphindi ngati 50. Atatha alipira ndalama za m'thumba mwake, nabwerera kwawo. Sabata yamawa ateronso, mpaka chaka chitha, mwinanso ziwiri. Tsono funso labuka pakati pa akatekisiti ndi akuluampingo: kodi zimenezi n'zoyenera Mkhristu?

Tiyambe tamva amene akayika, pakuti mawu awo sali opanda nzeru. Iwo ati: mankhwala a kucheza amenewa adayamba ndi Sigmund Freud, dotolo wa ku Vienna, amene pamodzi ndi Josef Breuer adalemba za njirayi m'chaka cha 1895. Freud yemweyo sadali kukhulupirira Mulungu, ndipo m'buku lake la 1927 adayesa chipembedzo ngati loto la anthu ofuna chitonthozo. Nanga mtengo wotere ungabale chipatso chokoma? Atinso: ife tili ndi ankhoswe, tili ndi amalume ndi agogo, za m'nyumba sizituluka kunja, bwanji kukhuthulira mlendo zinsinsi za pa mtundu? Ndipo mawu olemera koposa onse ndi awa: tili ndi Sakramenti la Kulapa, kumene munthu aulula zonse osalipira ngakhale tambala, natuluka atakhululukidwa. Wopita kwa phungu sakunyoza kodi mphatso imeneyi?

Eklezia adayamba kale kusinkhasinkha nkhani imeneyi, ndipo sadathamange. Pa 13 April 1953, Papa Pio wa 12 adalandira ku Roma akatswiri a ntchitoyi amene adasonkhana kuchokera m'maiko ambiri. Sadawapirikitse, koma adawalimbikitsa nawaikira malire. Adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife tizisokoneza kawirikawiri. Pali kudzimva wolakwa kumene kuli matenda chabe, pamene munthu adzitsutsa popanda mlandu weniweni. Kumeneko dotolo athandiza. Palinso mlandu weniweni pamaso pa Mulungu, umene kucheza kulikonse sikungaufafanize, koma chisoni cha pa machimo ndi chikhululukiro cha wansembe. Papayo adanenanso kuti monga wansembe nthawi zina atumiza wolapa kwa dotolo, momwemonso dotolo ayenera kudziwa nthawi yolozera wodwala wake kwa Mulungu. M'chaka cha 1961 akulu a ku Roma adachenjezabe ansembe ndi amonaki kuti asapite kwa otsata njira ya Freud popanda chilolezo. Koma mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'kalata yake ya Gaudium et Spes, udauza abusa a mizimu kuti agwiritse ntchito nzeru zimene akatswiri a za maganizo apeza.

Apa ndipo pagona nkhani, abale. Tchimo ndi bala si chinthu chimodzi. Tchimo ndi chimene munthu wachita mwa ufulu wake akudziwa. Bala ndi chimene chamgwera, kawirikawiri akali wamng'ono, wosatha kudziteteza. Taganizani za ana aja amene adaika makolo onse awiri m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi idali kupulula anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulele m'zipatala zathu mu 2004. Ambiri adaleredwa bwino ndi agogo. Ena adagawidwa kwa abale ngati mbuzi za chuma chamasiye, nakula osamva mawu amodzi achikondi. Lero ana amenewo ndi abambo ndi amayi a zaka 35 kapena 40. Wina mwa iwo apeza kuti mwana wake akangotentha thupi, iye anjenjemera usiku wonse. Wina akwiyira mkazi wake pa kanthu kachabe, osadziwa kumene ukaliwo uchokera. Munthu wotere apita kukalapa ukali wake, ndipo achita bwino, pakuti kulalatira mkazi ndi tchimo. Akhululukidwa ndithu. Koma Loweruka lotsatira abwera ndi mawu omwewo, chifukwa chikhululukiro chachotsa mlandu koma chilonda chikadatukusira pansi pa nsalu. Wansembe amene ali ndi anthu 50 pa mzere sangakhale naye ora lathunthu kufufuza za ubwana wake, ndipo si ntchito ya Sakramentilo.

Tisayese kuti izi zigwera ofooka m'chikhulupiriro okha. Ignasio woyera wa ku Loyola, ali ku Manresa m'chaka cha 1522, adazunzika ndi chikumbumtima chodwala. Adali kulapa machimo omwewo kawirikawiri osapeza mtendere, adasala chakudya sabata yathunthu, mpaka adafika poganiza zodziponya pansi kuti afe. Kuchulukitsa kulapa sikudamchiritse. Adapeza mpumulo pamene adazindikira kuti maganizo amenewo sachokera kwa Mulungu, naleka kufukula zimene zidakhululukidwa kale. Louis Martin, bambo wake wa Tereza woyera wa Mwana Yesu, adakhala zaka zitatu m'chipatala cha odwala maganizo ku Caen, kuyambira 1889, ndipo Eklezia adamlemba m'gulu la oyera mu 2015.

Nanga bwanji mlendo, pamene abale alipo? Akulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo ankhoswe athu apulumutsa maukwati osawerengeka. Koma tinene zoona: nkhoswe ali ndi mbali yake, ndipo ntchito yake ndi kuweruza ndi kuyanjanitsa. Ndiponso pali nkhani zina zimene mwini mlandu ndiye malume yemweyo, kapena bambo womupeza. Mtsikana amene adachitidwa zoipa ndi mbale wa m'nyumba, nauzidwa kuti akhale chete kuopa kuchititsa manyazi mtundu, adzapita kwa yani atakula? Mlendo wophunzira ntchitoyi alibe munda woti alande, sadzakumana naye pa maliro, sadzanong'oneza mkazi wake usiku. Ulendo wake womwewo ndiwo umasula lilime. Mwamunanso amene adakula akumva kuti mwamuna salira apeza malo amodzi pamene misozi siimchotsera ulemu. Apolisi a dziko lathu akhala akulengeza chaka ndi chaka za anthu odzipha, ndipo ochuluka mwa iwo ndi amuna. Mutu ukakula sulewa nkhonya, inde, koma mutu womwewo ndi fupa ndi mnofu.

Za kutalika kwa nthawi sitichulukitsa mawu. Pali njira zazifupi, monga imene Aaron Beck adayambitsa ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960, yophunzitsa munthu kugwira maganizo ake okhota ndi kuwawongola. Imeneyi itha pa miyezi yowerengeka ndipo ikwanira ambiri. Ku England boma lipereka chithandizo chotere ulele, koma masiku ake ndi owerengeka ndipo pali kudikira, n'chifukwa chake ofuna kupitirira alipira okha. Mfundo imene idamangika zaka 30 siimasuka tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe ife sitinena kuti aliyense anyamuke. Pali mafunso amene Mkhristu ayenera kudzifunsa asanagogode pa chitseko chimenecho, ndipo loyamba ndi la ndalama. Malipiro a sabata ndi sabata kwa chaka chathunthu si kanthu kakang'ono. Bambo amene ana ake abwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, kapena amene mayi ake kumudzi alibe thumba la feteleza, sangatseke maso nati ndiyambe ndadzisamala ndekha. Chilungamo chiyamba ndi amene Mulungu adatipatsa kuti tiwadyetse. Koma mbali inanso iyenera kuyezedwa pa sikelo yomweyo. Ngati bamboyo atha malipiro ake ku mowa pofuna kugonetsa zimene zimsautsa, ngati ana athawira kuseri kwa nyumba akamva mapazi ake, ndiye kuti ndalama zopita kwa phungu sizilandidwa kwa ana, koma ziwabwezera bambo wawo. Nkhani yotere mwamuna ndi mkazi aikambirane poyera, pakuti thumba ndi la onse awiri. Kubisira mnzako wa mu ukwati ulendo wa sabata ndi sabata ndi kuyamba kuchira ndi bodza.

Funso lina ndi la zinsinsi. Papa Pio wa 12 adakumbutsa kuti zilipo zinsinsi zimene munthu sangaulule ngakhale kwa dotolo. Katekisiti amene mkhristu mnzake adamuuza za kukhosi, namwino amene adziwa matenda a anthu, sangatenge zimenezo kukaziyala kwa phungu ndi maina omwe. Bala lako ndi lako, ulifotokoze. Mbiri ya mnzako ndi yake. Dziwaninso kuti chinsinsi cha phungu sichilingana ndi cha wansembe. Wansembe sangaulule za mu kulapa ngakhale amuopseze ndi imfa. Phungu asunga chinsinsi, koma akaona kuti moyo wa munthu uli pangozi, malamulo a ntchito yake amlola kuchenjeza ena. Wanzeru afunsa zimenezi tsiku loyamba, nafunsanso kumene phunguyo adaphunzira, pakuti chikwangwani cha pa khomo aliyense atha kulemba.

Ndipo pali chizindikiro chimodzi chimene ife tichiyesa chachikulu. Phungu wabwino sauza munthu kuti asiye kupemphera, sasekanso chikhulupiriro chake, ngakhale iye mwini asakhale Mkatolika. Samuuza kuti zonse zimene adachita n'zolakwa za makolo ake, chifukwa kudziwa kumene ukali udachokera sikusandutsa mbama kukhala chinthu chabwino. Akayamba kulankhula ngati kuti kulibe tchimo koma matenda okha, wadumpha malire a munda wake. Ndipo ngati chaka chatha munthu akungonka nadalira phunguyo pa kanthu kalikonse, osatha kusankha ngakhale za mawa popanda iye, pamenepo afunse molimba mtima kuti ulendowu ukupita kuti ndipo udzatha liti.

Kwa inu akatekisiti, amene anthu ayamba kufika kwa inu asanaone Bambo Mfumu, tikumbutse za Yohane wa Mulungu woyera, amene adabadwa ku Portugal mu 1495 namwalira ku Granada mu 1550. Atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila, mtima wake udasweka kotero kuti anthu adamuyesa wamisala, namtsekera m'chipatala kumene mankhwala a masiku amenewo adali chikoti. Yohane wa ku Avila sadamtaye, adamlangiza kwa zaka, ndipo munthu uja atatuluka adatsegula nyumba yosamalira odwala osauka. Abale a chipani chake adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero asamala odwala maganizo kumeneko ndi ku Lilongwe, naphunzitsanso aphungu. Tsono mkhristu akakunong'onezani kuti wayamba kupita kwa phungu, musafulumire kutchula ziwanda, musamuseke kuti watsala pang'ono kunka ku Zomba, ndipo musakambe nkhani yake ku Limana. Mufunseni ngati akugona tulo, ngati mkazi wake akudziwa, ngati akulandirabe masakramenti. Ndipo akakhala wosauka woti sangathe kulipira, mulozereni ku chipatala cha boma kapena kwa abale a Yohane wa Mulungu, ndipo ngati nkotheka mumperekeze tsiku loyamba.