Liwiro la Mumchenga N'kuyambira Limodzi

Mawu: Yohane 20:1-8 ndi Ahebri 12:1-2

 

Lero tikufuna tikambirane nkhani imene ena angadabwe kuipeza m'kalata ya mpingo, nkhani ya kuthamanga. Masiku ano sukulu, mipingo ndi makampani amakonza mipikisano ya liwiro yoti aliyense alowe nawo. Ana amalowa, abambo ena amalowa, koma ife amayi timaima m'mbali mwa msewu, kuomba m'manja ndi kululutira, kenaka n'kubwerera kukaphika. Akatiitana timayankha kuti, "Mayi wamkulu ngati ine ndithamange ngati ndaba nkhuku?" Tiyeni tiyese manyazi amenewa pa sikelo ya Mawu a Mulungu, tione ngati ali ndi kulemera.

M'mawa wa Pasaka, woyamba kuthamanga anali mayi. Mariya wa Magadala atapeza manda a Ambuye ali otsekula, anautsa liwiro kukauza ophunzira. Sanayambe waganiza kuti anthu a mu Yerusalemu amuseka. Atamva uthengawo, Petro ndi wophunzira wina uja nawonso anathamangira limodzi kumandako. Winayo anali waliwiro ndipo anafika msanga, koma sanalowe. Anaima pakhomo mpaka Petro atafika, ndipo woyamba kulowa anali Petro wotsalira uja. Pa Luka 15 timawerenganso za bambo wa banja lolemekezeka amene anathamangira mwana wake wolowerera. Choncho kuthamanga sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu. Ndipo liwiro la ana a Mulungu limayambira pamodzi, wopambana n'kudikira mnzake.

Chifukwa choyamba chimene tikulankhulira izi ndi maliro amene tikuika. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinazolowera kulimbana ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi Edzi. Koma tsopano m'magulu mwathu mwalowa mdani wosachita phokoso, ndiye BP ndi shuga. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ndi angati amayi anzathu amene dzulo tinali kuimba nawo, lero afa ziwalo mbali imodzi, akulephera ngakhale kumanga mpango? Anthu amathamangira kunena kuti wamenyedwa ndi hamala ya afiti, banja n'kuyambana ndi agogo osalakwa, chonsecho ndi mtsempha wa m'mutu umene waphulika kapena kutsekeka. Mtima ndi mnofu, ndipo umalimba ukamagwira ntchito. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Limatinso mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi.

Tikudziwa kuti mayi wothyola tiyi atifunsa kuti, "Ine ndalawirira m'bandakucha, ndakwera ndi kutsika m'mizere ya tiyi dengu lili kumsana, mukufuna ndithamangenso?" Mayi ameneyu akunena zoona, ndipo sitikumusenzetsa goli lina. Koma si tonse tili m'munda. Ena timakhala pansi tsiku lonse pa msika, ena pa makina osokera, ena mu ofesi, ena tinapuma ntchito, ndipo ulendo umene kale tinkayenda pansi lero timakwera kabaza. Kwa ife amenewa kuyenda ndi mankhwala. Kwa mayi wa m'munda uja, tsiku la mpikisano ndi tsiku limodzi limene miyendo yake ikuyenda popanda kapitawo womuwerengera makilogalamu, akuseka ndi ana ake. Chimwemwe chotere nachonso ndi mphatso ya Mulungu.

Chifukwa chachiwiri ndi chifundo. Mu 2005 kampani ya nyuzipepala ya Nation Publications Limited inayambitsa Mother's Fun Run, liwiro la chisangalalo lochitika m'nyengo ya Tsiku la Anakubala mu Okutobala. Kwa zaka zambiri ndalama zake zinkagula zipangizo za m'zipinda zochilira amayi m'zipatala za m'maboma osiyanasiyana. Nthawi imeneyo zinthu zinali zowawa. Kafukufuku wa 2004 anaonetsa kuti amayi 984 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira chifukwa cha uchembere. Pofika 2016 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa 439. Amene anatsitsa ndi ambiri, boma, anamwino, mafumu ndi mabungwe, koma othamanga aja anaikapo njerwa yawo. Ife a Mothers' Union tinalonjeza kuthandiza mabanja amene ali m'mavuto. Ngati mapazi athu angasonkhe ndalama ya bulangeti la mwana wobadwa masiku asanakwane, tiwabisirenji?

Chifukwa chachitatu ndi ana athu, makamaka atsikana. Kangati tamuuza mtsikana kuti wakula, asiye zothamangathamanga? Mu 2004 mtsikana wa ku Malawi, Catherine Chikwakwa, analandira mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy. Kwa anansi athu ku Mulanje kuli Porters Race, mpikisano umene unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, kenaka n'kutsekulidwa kwa onse. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo akazi amathamanga nawo. Sitikunena kuti mwana aliyense adzatenga mendulo. Tikunena kuti mtsikana amene waona mayi ake akumanga zingwe za nsapato pambali pake sachita manyazi ndi thupi limene Mulungu anamupatsa. Ndipo m'njira muja mwana amaulula zimene sanganene pakhomo pamaso pa bambo ake.

Nanga tiyambe bwanji? Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Choyamba pitani ku chipatala akakuyezeni BP ndi shuga. Ngati muli pa mankhwala musasiye kumwa, chifukwa kuyenda kumathandizira mankhwala, sikulowa m'malo mwake. Yambani ndi kuyenda ndawala mphindi khumi, muzionjezera sabata ndi sabata. Ndawala yabwino ndi yoti mukutha kulankhula ndi mnzanu koma nyimbo ikukukanikani. Sankhani m'mawa kapena madzulo, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, ndipo imwani madzi. Valani nsapato zosathina, osati zokwera kumbuyo. Odwala shuga aziyang'ana mapazi awo madzulo alionse, poti kachilonda kakang'ono kamatha kudyetsa mwendo. Mayi woyembekezera afunse kaye kusikelo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani pomwepo, anzanu akuperekezeni ku chipatala. Za mavalidwe zisatidetse nkhawa. Chitenje chomangidwa bwino ndi chovala china mkati n'chokwanira, ndipo palibe lamulo loletsa kumaliza mpikisano poyenda.

Tikupempha nthambi iliyonse ikambirane ndi wansembe wake. Tikamva za mpikisano wothandiza chipatala, sukulu kapena ana amasiye, tilembetse monga banja, mayi, bambo, ana ndi zidzukulu. Kumene kulibe, tiyambitse tokha ulendo wa ndawala wochokera pa tchalitchi, wothera pa khomo la mnzathu wodwala kapena wamasiye. Tisankhe amayi awiri amphamvu oti aziyenda pambuyo penipeni, kuti pasapezeke wofika yekha anthu atabalalika. Amenewo ndiwo adzachite ntchito ya wophunzira uja anadikira Petro.

Kalata ya kwa Ahebri imafanizira moyo wa chikhristu ndi mpikisano wofuna kupirira, wochitika pamaso pa khamu la mboni zimene zinatsogola. Imatilangiza kuti titule katundu wotilemetsa ndi kuyang'ana kwa Yesu. Kwa ena a ife katunduyo ndi mantha a zonena anthu. Kwa ena ndi chakukhosi ndi mlamu kapena mpongozi, amene sitingafune kuyenda naye njira imodzi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tisadikire tsiku limene anzathu adzatinyamule pa machira kuti tidziwe kuti tinali ndi miyendo.

Tipemphere. Atate wachifundo, tikuyamikani chifukwa cha mpweya ndi mapazi amene munatipatsa. Chiritsani amayi anzathu amene afa ziwalo, limbitsani otopa ndi ntchito ya m'minda ya tiyi, ndipo mutiphunzitse kudikirana m'njira, kufikira tonse tidzafike kwa Inu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.