Kodi Nkutaya Ndalama Kugulira Mwana Makrayoni?

Pamene sukulu inali pafupi kutsekera, bambo wina wa kuno ku Mbulumbuzi anatipeza pamsika, natifunsa mau amene sitinathe kuwayankha msanga. Anati mwana wao wamkazi wa zaka 8 sanapemphe diresi kapena nsapato za Khirisimasi, koma kabokosi ka makrayoni ndi kope lopanda mizere. Tsono iwo anafuna kudziwa ngati munthu wanzeru angaononge ndalama pa zinthu zotere m'mwezi wa December, pamene nkhokwe yapepuka, chimanga cha m'munda chilikulira feteleza, ndipo ufa wa January sudziwika kumene udzachokera.

Funso limeneli si lopusa iai. Tiyambe ndi kuvomera kuti mwana wanjala sajambula. Ngati m'nyumba mulibe ufa, kholo ligule ufa, ndipo pasakhale mphunzitsi wolichititsa manyazi. Koma bambowo sanali otero. Ndalama ya mphatso anali nayo, yochepa ndithu, ndipo chowavuta chinali kusankha.

Mphatso zambiri za Khirisimasi zimafika kwa mwana zitatha kale kupangidwa. Galimoto ya pulasitiki yogula ku Limbe ili ndi mawilo ake, mtundu wake ndi kulira kwake. Mwana alibe choonjezapo koma kuikoka kufikira itathyoka, ndipo kawirikawiri siiona Chaka Chatsopano. Koma mnyamata yemweyo akatola waya ndi zitsekerero za mabotolo, napanga galimoto yakeyake, amaisunga mwezi wathunthu, naiongola ikapindika, pakuti m'menemo muli nzeru zake. Makrayoni ali ngati waya uja. Paokha sali kanthu, ayembekeza dzanja.

Alipo ena amene amati kujambula ndi mwambo wa Azungu umene unadza pamodzi ndi sileti ndi choko. Amenewo akwere phiri la Mikolongwe, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu, akaone Mwalawolemba, pamene anthu akale anasiya zolemba zao pathanthwe. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo otere 127, ena olembedwa ndi Akafula ndi utoto wofiira, ena ndi Achewa ndi dothi loyera. Ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawawerengera pamodzi ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Amai amene amakongoletsa chipupa ndi katondo ndi makande, ndi abusa oumba ng'ombe za dothi kudambo, sanaphunzire zimenezo kwa mlendo. Chotero wogulira mwana makrayoni sabweretsa chachilendo m'mudzi. Koma achenjere kuti kabokosi ka m'sitolo kasaphunzitse mwanayo kunyoza dothi ndi makala, zimene sizigulidwa.

Posankha, kholo lisanyengedwe ndi bokosi lalikulu lonyezimira. Mitundu 12 ikwanira, pakuti mwana amene alibe mtundu wina amaphunzira kuupeza posakaniza iwiri. Kwa aang'ono makrayoni onenepa ndiwo abwino, chifukwa sathyoka msanga ndipo safuna lumo lowasongolera. Mapensulo amitundu ayenera amene zala zao zakhwima. Utoto wamadzi umafuna pepala lokhuthala, ndipo pa kope wamba umangoboola. Chimene ambiri amaiwala ndicho pepala lenilenilo. Kuli bwino kuchepetsa mitundu ndi kuchulukitsa mapepala, ngakhale akhale makalendala akale ojambulika kumbuyo.

Koma mlandu waukulu suli pa kugula, uli pa kupereka. Tikumbukira mtsikana wina wa Sitandade 3 amene amalume ake anamtumizira makrayoni kuchokera ku Joni. Amake anawatsekera m'sutikesi pamodzi ndi zovala za kutchalitchi, kuopa kuti angathe. Chaka chinapita, nsonga zake zili zakuthwabe, ndipo mwanayo anali ataleka kuwapempha. Mai ameneyo sanali woipa mtima. Umphawi unamphunzitsa kuti chinthu chabwino nchosunga. Komatu makrayoni amagwira nchito yake pakutha, monga sopo ndi mchere. Mphatso imene mwini wake saloledwa kuitsiriza sinaperekedwe, yangoonetsedwa.

Ndipo ife aphunzitsi tisadzilungamitse. Kusukulu ya uphunzitsi tinazolowera kujambula kapu pabolodi ndi kuuza ana makumi asanu ndi limodzi kuti atsanzire, ndipo wofananitsa koposa ndiye tinkamchonga. Kangati tinadula ndi inki yofiira ng'ombe yobiriwira, osafunsa mwini wake chimene anaona? Kholo limene lipereka makrayoni, kenaka nkuimirira kumbuyo kwa mwana likunena kuti denga silikhala lotero, latenganso ndi dzanja lamanzere chimene linapereka ndi lamanja.

Bambo aja tinawauza zonsezi, ndipo anagula kabokosi kang'ono ndi makope awiri. Sukulu itatsekulidwa m'January anabwera nalo kope loyamba litadzaza. Pa tsamba lina panali phiri la Chiradzulu, lofiira lonse kuyambira patsinde kufikira pamwamba, ndipo anatifunsa ngati ayenera kumuuza mwanayo kuti walakwa. Tinawapempha ayambe amfunsa kuti analiona nthawi yanji. Mtsikanayo anati madzulo, pobwera kotunga madzi.