Vinyo wa Madzulo Amwedwa ndi Yani?

Kodi mkhristu achimwa akatenga mkazi wake madzulo kukamwa vinyo ku hotela ya pa boma la Kasungu? Iyayi. Ambuye Yezu anasandutsa madzi kukhala vinyo pa ukwati wa ku Kana, ndipo Eklezia saletsa okwatirana kukondwera pamodzi, malinga asaledzere.

Koma mlandu uli pena. Fodya akagulidwa ku Chinkhoma, amuna ena apezeka m'nyumba zotere usiku atakhala ndi mkazi wachilendo. Mayi amene anaoka nawo fodyayo, nathyola, nasoka m'chigafa mpaka manja kuda bii, ali kumudzi, alikudikira ndalama ya feteleza ndi ya sukulu ya ana. Thukuta lake ndilo lagula vinyoyo, koma mwini wake sanaitanidwe.