Kodi Mpweya Uli ndi Mwini Wake?

Loweruka lina m'mwezi wa July tinali ndi masewera a mpira pabwalo la chalichi cathu. Pofuna kuti alendo apeze paukhondo, tinasesa zinyalala ndi mapulasitiki, n'kuziyatsa kuseri kwa golo. Ife akuluakulu tinasewera dzuwa lili pamutu, kamphepo kakuomba. Ana a Sande sukulu tinawapatsa 17 koloko, moto wathu ukali kufuka, utsi wa mbaula za m'komboni utayambanso. Mnyamata wina wodwala asima anagwa pansi, akubanika. Anacira ndithu, koma funso linatsala: analakwa ndani?

Ena anati palibe wolakwa, pakuti mpweya ulibe mwini. Ine ndikana. Munthu ali khale amapuma malita 6 kapena 8 pa mphindi imodzi. Pothamanga angapitirire malita 60, ndipo amapumira kukamwa, kumene kulibe tiubweya tosefa fumbi monga m'mphuno. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndipo mapapo ake akali kukula. Ndiponso m'nyengo yozizira, madzulo ndi m'mamawa, utsi sukwera kumwamba. Umangoyandama pansi pomwe pali ife. Tsono pamene tinasankha nthawi ndi malo, tinasankhanso cimene anawo adzapuma.

Colakwa cotere si ca pabwalo lathu pokha. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi la makomboni monga Kasanda ndi Makululu. Mwana wosewera pafumbi limenelo amaumeza ndi kuupuma, ndipo mtovu umaononga ubongo. Kodi mwanayo anakumbako mgodi? Iai. Kawirikawiri wodetsa mpweya ndi wina, wovutika ndi wina.

Buku la Genesis litiphunzitsa kuti moyo wa munthu unayamba ndi mpweya wocokera kwa Mulungu. Mwini wake alipo, ife ndife osunga cabe. Mnansi wako si wokhala naye pa benchi limodzi yekha, komanso iye amene adzapuma utsi wa moto wako.

Nanga tileke mpira? Kutalitali! Thupi lifuna kuthamanga, ndipo wacinyamata wosowa cocita sacedwa kupezeka kumowa. Koma tisewere mwanzeru. Tisatenthe zinyalala, zoola tizikwirire, mapulasitiki tiwaike padera. Ana tiwapatse nthawi imene utsi wacepa, ngakhale ndiyo imene ife tiikonda. Othamanga apewe miseu yodzaza mabasi monga Great East Road m'kati mwa Lusaka. Pabwalo tibzale kapinga kuti fumbi licepe. Utsi ukacuruka, kaputeni aimitse masewera mopanda manyazi, ndipo wa asima asasekedwe akapempha kupumula.

Pa msonkhano wanu wotsatira, tengani ndandanda ya masewera, muone amene mwawapatsa nthawi yoipa. Mukapeza kuti ndi ang'onoang'ono, sinthanani nawo.