Phunziro 9: Mbalame Zodziwa Nyengo Zawo

SABATA MASANA

WERENGANI SABATA INO: Genesis 1:14-23, Yobu 12:7-10, Yeremiya 8:4-9, Mateyu 6:25-34, Luka 19:41-44, Chivumbulutso 14:6, 7.

VESI LOLOWEZA: Yeremiya 8:7.

GANIZO LALIKULU: Mulungu anaikiratu nyengo, ndipo zolengedwa zosalankhula zimazisunga ngakhale pakati pa utsi ndi phokoso. Munthu yekha ndiye amaiwala.

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la England kuli mtsinje wa Tees, umene umathira m'nyanja ya North Sea pakati pa mizinda ya Hartlepool ndi Redcar. Munthu akaima pa mathiriro ake amaona machumuni, matanki a mafuta, mapaipi, ndi nyumba yaikulu yopangira magetsi a nyukiliya imene inayamba ntchito mu 1983. Koma patsinde pa zonsezi pali madambo ndi matope, ndipo pa matopewo pamatera mbalame zikwizikwi. Anthu amapitako ndi magalasi oonera patali, nakhala chete m'tinyumba tobisalamo, kungoti aone mbalamezo. Sabata ino tikhala pambali pawo, Baibulo lili m'manja, kuti timve chimene mneneri Yeremiya anatanthauza pamene anaika mbalame kukhala mboni yotsutsa anthu a Mulungu.

LAMULUNGU: TAYANG'ANITSITSANI

Werengani Mateyu 6:25, 26 ndi Yobu 12:7-10. Kodi Yesu ndi Yobu akutitumiza kwa yani kuti tikaphunzire?

Liwu la Chigriki limene Mateyu analemba pa vesi 26 ndilo emblepo. Silitanthauza kuponya diso m'njira ayi, koma kuyang'anitsitsa ndi mtima wonse. Ambuye wathu sanatchule mbalame pongokometsera ulaliki. Anapereka lamulo lakuti tiime, tione, tilingalire.

Woonera mbalame pa mtsinje wa Tees amaphunzira lamuloli ndi thupi lake. Akafika ndi phokoso, mbalame zonse zimauluka. Akafulumira, matope amaoneka ngati opanda kanthu. Koma akakhala phee, maso amayamba kusiyanitsa. Iyo ya miyendo yofiira, yolira msanga ikaona choopsa, ndi redshank. Iyo yaikulu ya mlomo wautali wopindikira pansi ndi curlew. Bakha woyera wa lamba lofiirira pachifuwa ndi shelduck, amene amasefa matope kufuna tinkhono tating'ono kwambiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wodekhayo amaonanso chinthu china. Mbalame za milomo yaifupi zimatola chakudya pamwamba pa matope, za milomo yapakati zimajompha pang'ono, ndipo curlew imafika pansi pamene pali nyongolotsi zobisala. Motero mitundu yambiri imadya pa malo amodzi. Atate wakumwamba amazidyetsa, komatu saziponyera chakudya m'kamwa. Anapatsa iliyonse chida chake ndi gawo lake.

Kodi ndi liti pamene munakhala chete kwa theka la ora pamaso pa ntchito ya Mulungu, osalankhula, osathamangira kwina?

LOLEMBA: WOTCHI IMENE MUNTHU SANAPANGE

Werengani Genesis 1:14-19; Salmo 104:19, 27, 28; Yobu 38:8-11. Kodi zounikira zakumwamba zinapatsidwa ntchito yanji?

Ambiri a ife tinakulira kutali ndi nyanja ya mchere, choncho tiyenera kufotokoza. M'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa mwezi, mothandizana ndi dzuwa, umakoka madziwo. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita pafupifupi maora 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi ngati 50. Pamene mwezi uli watsopano kapena wathunthu, madzi amakwera koposa, naphwanso koposa.

Moyo wonse wa mbalame za pa matope umayenda ndi wotchi imeneyi. Madzi akaphwa, gome layalidwa, ndipo zimadya, kaya ndi usana kaya ndi usiku. Madzi akadzaza, gome laphimbidwa, ndipo zimasonkhana pa malo okwera, n'kubisa milomo m'nthenga, n'kupumula. N'chifukwa chake woonera wanzeru amayamba wawerenga ndandanda ya nthawi za madzi, nafika ora limodzi kapena awiri nyanja isanadzaze, pamene madzi akukankhira mbalame kufupi ndi iye. Sangaziitanitse pa nthawi imene iye wafuna. Ayenera kudzichepetsa ndi kulowa m'nthawi yoikika.

Tsidya lina la mpanda kuli wotchi ina. Mafakitale a mankhwala ndi mafuta sagona. Antchito amasinthana usana ndi usiku, masiku onse asanu ndi awiri. Mawotchi awiriwa ayandikana, koma mbalame imamvera umodzi wokha.

Werengani Eksodo 16:21-30. Mana analinso ndi nthawi yake yotola ndi nthawi yake yoleka. Nanga inu, moyo wanu ukuyenda ndi wotchi iti?

LACHIWIRI: MLANDU WA YEREMIYA

Werengani Yeremiya 8:4-9. Kodi n'chiyani chimene mbalame zimadziwa, chimene anthu a Yuda sanadziwe?

Yeremiya anaitanidwa m'chaka cha 13 cha mfumu Yosiya, cha m'ma 627 B.C., ndipo analalikira kufikira Yerusalemu atagwa mu 586 B.C. Dziko lake lili pa njira imene mbalame zimadutsa pakati pa Africa ndi maiko a kumpoto. Chaka ndi chaka iye anaziona zikupita, naziona zikubwera. Pa vesi 7 akutchula mitundu inayi, pakati pake njiwa ndi namzeze, nanena kuti zonse zimasunga nthawi ya ulendo wawo, pamene anthu osankhika sadziwa chiweruzo cha Mulungu wawo.

Liwu la Chihebri lonena za nyengo pa vesi limeneli ndilo moed, ndiye kuti nthawi yoikika, nthawi ya pangano lokomana. Ndi liwu lomwelo limene lili pa Genesis 1:14 ndi pa Salmo 104:19, ndiponso pa Levitiko 23, chaputala chimene chimayamba ndi Sabata. Mneneri akuti: mbalame imasunga pangano lake ndi Mlengi; inu mwaphonya lanu. Taonaninso kuti m'mavesi 4 mpaka 6 liwu lobwerezedwa ndi lakuti kubwerera. Mbalame imapita kutali, koma imabwerera. Yuda anapita osabwerera.

Pa mtsinje wa Tees umboniwu ukadalipo. M'nyengo yozizira pamafika knot, kambalame kotuwa kamene kamaswera ku Greenland ndi kumpoto kwenikweni kwa Canada. M'nyengo yofunda pamaswera common tern, imene pambuyo pake imatsikira ku magombe a kumadzulo kwa Africa. Ngakhale namzeze wa Yeremiya anachitira umboni: mmodzi amene anavekedwa kamphete pa mwendo ku Staffordshire, m'dziko la England, mu 1911, anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, mu December 1912.

Werengani Luka 19:41-44. N'chifukwa chiyani Yesu analirira mudzi umene unali ndi kachisi, ansembe, ndi Malembo?

LACHITATU: PAMENE GOME LILANDIDWA

Werengani Genesis 2:15, Aroma 8:19-22, Chivumbulutso 11:18. Kodi munthu anapatsidwa udindo wanji pa dziko, ndipo adzayankha motani?

Mu 1801 Middlesbrough unali kamudzi ka anthu pafupifupi 25. Njanji inafika mu 1830, miyala ya chitsulo inapezeka m'mapiri a Eston mu 1850, ndipo ng'anjo zinamera m'mbali mwa mtsinje. Zotsalira za m'ng'anjo zinatayidwa pa matope. Khoma lalitali la South Gare, lotsegulidwa mu 1888, linamangidwa ndi zomwezo. Pambuyo pake kunadza mafakitale a mankhwala ku Billingham, ndipo mu 1975 paipi ya mafuta yochokera ku Ekofisk, pakati pa nyanja, inafika ku Seal Sands. Matope ndi madambo ochuluka koposa anakwiriridwa, kotero kuti lero latsala gawo laling'ono la zimene zinalipo. Dzina lakuti Seal Sands linachokera ku nyama za m'nyanja zotchedwa seal, zimene zinkagona pa mchengawo zambirimbiri. Pofika m'zaka za m'ma 1860 zinali zitatha.

Tisafulumire kuloza chala. Ng'anjo zimenezo zinadyetsa mabanja, ndipo ntchito si tchimo, pakuti lamulo lachinayi lomwe limatilamula kugwira ntchito masiku asanu ndi limodzi. Tchimo ndilo ntchito yosadziwa malire. Mbalame ingadziwe nyengo yake, ingauluke ulendo wonse, koma ikafika n'kupeza gome lake lasanduka simenti, kudziwako sikuipulumutsa. Ngakhale munthu mmodzi wodutsa ndi galu pa nthawi ya kudzaza kwa madzi angaulutse gulu lonse, ndipo m'chisanu mphamvu yotayikayo ndi yamtengo wapatali.

Chimene chinachitikira matope chimachitikanso mumtima. Palibe amene amakwirira Sabata lake tsiku limodzi. Amayamba ndi ora limodzi la Lachisanu madzulo, kenaka kaulendo ka malonda, kenaka pemphero la m'mawa, kufikira Mzimu akadza pa nthawi yake sapeza potera.

Tchulani mbali imodzi ya nthawi ya Mulungu imene mwaithirapo dothi pang'onopang'ono.

LACHINAYI: CHOTSALIRA CHIKAPUMULA

Werengani Levitiko 25:1-7 ndi 2 Mbiri 36:20, 21. Kodi nthaka nayo ili ndi Sabata?

Mbiri ya mtsinje wa Tees siithera pa chionongeko. Pamene zonyansa zotayidwa m'madzi zinachepetsedwa, nyama za seal zinayamba kubwerera m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1994 ana obadwira pamenepo anakhala ndi moyo. Mu 1995 malowa analembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, motsatira pangano la ku Ramsar la 1971, kaundula yemweyo amene nyanja ya Chilwa inalowamo mu 1996. Mu 2009 bungwe loteteza mbalame la RSPB linatsegula malo a Saltholme pakati penipeni pa mafakitale. Munthu sanalenge mbalame ina iliyonse pamenepo. Anaika malire, naleka kuononga, ndipo moyo umene Mulungu anaupereka unabwerera.

Taganiziraninso ichi. Fakitale yaikulu ya chitsulo ya ku Redcar inatsekedwa mu 2015, anthu ambiri nataya ntchito, ndipo ng'anjo yake inagwetsedwa mu 2022. Chimene chinaoneka chosagwedezeka chinagwa. Koma tsiku lomwelo madzi anadzaza ndi kuphwa pa nthawi yake, ndipo curlew inatsikira pa matope monga mwa masiku onse.

Werengani Chivumbulutso 14:6, 7 pamodzi ndi Eksodo 20:8-11. Mngelo woyamba akulengeza kuti nthawi ya chiweruzo yafika, naitana anthu kulambira Iye amene analenga, ndipo pakati pa zolengedwazo akutchula nyanja ndi akasupe a madzi. Uthengawu ndi wa nthawi, ndiponso ndi wa chilengedwe. Sitingaulalikire ndi pakamwa pamene manja athu akutaya zinyalala mumtsinje, kapena kutentha dambo, kapena kutchera mbalame zonse osasiyako mbewu.

Kodi anansi anu angadziwe, poona munda wanu ndi khomo lanu, kuti mumalambira Mlengi?

LACHISANU: KUPHUNZIRA KOONJEZERA

Werengani Yesaya 58:13, 14, Marko 13:32-37, Aroma 13:11, 12.

Ena mwa abale ndi alongo m'kalasi mwanu amagwira ntchito yosinthana maora, ndipo kusunga Sabata kungawatayitse malipiro kapena ntchito imene. Phunziro lino silikupeputsa mtolo wawo. Yesu analankhula za mbalame kwa anthu odera nkhawa chakudya ndi chovala, ndipo mawu ake anathera pa kufuna Ufumu poyamba (Mateyu 6:33). Mbalame ya pa Tees siithawa fakitale. Imakhala pambali pake, koma imadya ndi kupumula pa nthawi ya Mlengi wake. Ifenso sitinaitanidwe kutuluka m'dziko, koma kusungidwa m'kati mwake (Yohane 17:15). Madzulo ano Sabata lifika ndi kulowa kwa dzuwa (Levitiko 23:32), osati ndi belu la kuntchito. Likupezeni muli okonzeka.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Mbalame imamvera mwachibadwa, koma munthu amamvera mwa kusankha. Kodi kusiyanaku kumachepetsa mlandu wa pa Yeremiya 8:7, kapena kumaukulitsa?

2. Kodi mpingo wanu ungathandize bwanji, ndi zochita osati mawu okha, mbale amene wachotsedwa ntchito chifukwa cha Sabata?

3. Kodi pafupi ndi kwanu pali mtsinje kapena dambo limene likufa? Nanga kalasi lanu lingachitepo chiyani mwezi uno?

4. Konzani kuti Sabata lina masana mutuluke ndi ana kukakhala chete pamene pali mbalame. Pobwera, aliyense anene chimene waona.

MWACHIDULE: Mulungu anaika nthawi ya kudya, ya kupumula, ya kubwerera, ndi ya chiweruzo. Mbalame za pa matope a Tees zimasunga nthawi zawo pansi pa machumuni. Iye amene amazidyetsa akutifunsa ngati ife, amene tili ndi Mawu ake, tikudziwa nthawi yathu, ndiponso ngati tibwerera kwa Iye nthawiyo isanapite.