Bwera Kaye ndi Chothyokacho

Mdzukulu wanga, mayi ako andiuza kuti ndalama za ganyu yako yokonza mafoni wakhala ukusunga chiyambire Janyuwale, ndipo tsopano mtima wako uli pa makina aja oumba zinthu ndi pulasitiki, amene anzako akuti printa ya 3D. Dzulo unandionetsa zithunzi zitatu pafoni nkundifunsa kuti yabwino ndi iti. Sindinakuyankhe chifukwa nsima inkazizira. Koka mpandowo ukhale pafupi.

Funso lako unaliyambira kumchira. Ine ndinaima pa makina a lathe ku Limbe mpaka tsitsi kuyera, ndipo munthu akabwera kuti ndimusemere bushi kapena shafti, mawu anga oyamba ankakhala akuti, bwera nacho chothyokacho. Iwenso zungulira m'nyumba muno utole zimene zathyoka: kabatani kopotokola ka hotipuleti ya agogo ako aakazi, kagiya ka m'makina osokera a azakhali ako, kotsekera mabatire ka rimoti, kakilipi kogwira galasi la chitseko cha galimoto. Uziyale pamphasa, uzifunse mafunso atatu. Chachikulu kwambiri pa izi n'chotalika bwanji? N'chiti chimene chimakhala pamoto kapena padzuwa? N'chiti chimene chimasenza katundu kapena kupindika? Zikakuyankha, zithunzi ziwiri mwa zitatu zija zidzagwa zokha.

Makinawa alibe matsenga. Amakoka ulusi wa pulasitiki wotchedwa filamenti, wonenepa mamilimita 1.75, wokulungidwa pa chiguduli cha kilogalamu imodzi. Amausungunula nkuutulutsira pa kamlomo ka mkuwa kotchedwa nozzle, kamene kabowo kake kawirikawiri ndi mamilimita 0.4, nkumausanja mzere pamwamba pa mzere, uliwonse wopyapyala ngati mamilimita 0.2. Ukaonerera mayi woumba mbiya akukweza dongo pang'onopang'ono mozungulira, waiona kale ntchito yake.

Pali kambiri kakang'ono kamene ndikufuna ukadziwe, chifukwa kakukhudza thumba lako. Njira imeneyi anaitulukira Scott Crump wa ku America, amene anailembetsa m'boma mu 1989 kuti wina asaitengere, ndipo kwa zaka zambiri makinawo ankagulidwa ndi makampani okha. Mu 2005 mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bath ku England, Adrian Bowyer, anayambitsa ntchito yotchedwa RepRap, nkuika mapulani ake poyera kuti aliyense amange. Chiletso chija chitatha mu 2009, khomo linatseguka. Josef Prusa wa ku Prague anakonza kamangidwe kotchedwa i3, ndipo mafakitale a ku Shenzhen anakatengera. N'chifukwa chake maprinta ambiri otsika mtengo ali pachibale. Lamba wake ndi mmodzi, mota zake n'zofanana, nozzle ya uyu imalowa pa uyo. Chibale chimenechi usachipeputse, tibwererako.

Za kukula sindichedwapo. Creality Ender 3, imene inatuluka mu 2018 pa mtengo wa pafupifupi madola 200, imaumba chinthu chofika mamilimita 220 m'litali, 220 m'lifupi ndi 250 kupita m'mwamba. Bambu Lab A1 mini imalekeza pa 180 mbali zonse. Tayang'ana pamphasapo. Zonse zikukwana m'chikhato chako. Bedi, pamene chinthu chimaumbidwirapo, likakhala lalikulu limachedwa kutentha, limadya magetsi, ndiponso limavuta kulilinganiza. Ndalama yako isapite kumeneko.

Pamene pali nkhani ndi pa pulasitiki. Wofala kwambiri ndi PLA, amene amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. Ndi wofatsa, amafuna nozzle yotentha madigiri 200 kapena 210, sanunkha kwambiri, ndipo printa iliyonse imamutha. Vuto lake amafewa akangofika pa madigiri 55 mpaka 60. Ine anandiphunzitsa yekha. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anandiumbira chogwirira foni cha m'galimoto, chokongola, chakuda bii. Mwezi wa Okutobala tinapita kumaliro ku Chikwawa, galimoto nkuisiya padzuwa magalasi otseka. Pobwera tinachipeza chawerama ngati mpiru wogona padengu, foni ili pansi pa mpando. Choncho PLA ndi wa zinthu za m'nyumba, pamthunzi. Kabatani ka hotipuleti kaja ndi kakilipi ka galimoto zikufuna PETG, m'bale wake wa pulasitiki wa mabotolo a madzi akumwa. Ameneyu amapirira mpaka cha m'ma 75 kapena 80, sathetheka msanga, koma amafuna nozzle yotentha madigiri 230 mpaka 250 ndi bedi lofunda 70 kapena 80.

Apa ndiye ufunse wogulitsa funso limene ambiri safunsa. Maprinta ena otchipa ali ndi kapaipi koyera ka PTFE kofika mpaka pa nozzle penipeni. Kapaipiko kakamakhala nthawi yaitali pa madigiri oposa 240 kamapsa, kamafinyika, nkuyamba kutseka njira. Ngati PETG adzakhale ndiwo zako za tsiku ndi tsiku, funa printa imene mutu wake wotenthetsa ndi wachitsulo wokhawokha. Sovol SV06 ndi imodzi mwa zotsika mtengo zimene zimabwera choncho. Ufunsenso kumene kuli mota yokankha filamenti. Pa Ender 3 yakale motayo ili kumbali, ndipo ulusi umayenda m'kapaipi kakatali usanafike pamoto. Pa zatsopano, monga Ender 3 V3 SE, motayo ili pamutu pomwepo. Ukadzafuna kuumba zofewa ngati labala, monga mawashala ndi timapazi ta mipando, udzagwiritsa ntchito TPU, ndipo TPU kumukankha m'paipi yaitali kuli ngati kulowetsa chingwe chonyowa pa diso la singano.

ABS musiye kaye. Amapirira kutentha, inde, koma amafuna bedi la madigiri 100, bokosi lotsekera kuti mphepo isamuombe, ndipo utsi wake si wopumira m'chipinda chimene umagona ndi mng'ono wako. Makina a resin aja, oumba ndi madzi onunkha oumitsidwa ndi kuwala, ndi a anthu opanga tizidole ndi mano oikirira. Sakukhudza.

Mzere woyamba ukamata bwino pa bedi, ntchito yayenda. Ukalephera, udzapeza pulasitiki atapiringizana ngati chisa cha mpheta. Pa maprinta akale umalinganiza bedi ndi timagudumu tinayi ta pansi pake, ukulowetsa pepala pakati pa nozzle ndi bedi mpaka limveke kukhula pang'ono. Ine ntchito yotere imandikoma, ndinakulira pa zoyezayeza. Koma ndaona achinyamata ataiponya printa pamwamba pa wadirobu chifukwa cha timagudumu timeneti. Ngati pali chinthu chimodzi choti uwonjezerepo ndalama, ndi kachipangizo koyeza bedi kokha. Zina zimene otsatsa amakuwa nazo, monga liwiro la mamilimita mazanamazana pa sekondi, kamera, kuumba mitundu inayi nthawi imodzi, ndi chikomekome cha mkuyu. Kagiya ka azakhali ako sikasamala kuti ndi kofiira kapena kobiriwira, ndipo makina osintha mitundu amataya pulasitiki wambiri nthawi iliyonse akamasintha.

Tibwerere ku chibale chija. Printa idzawonongeka, usakayike. Nozzle idzatseka kapena kuperepeseka, kafani kadzayamba kulira, lamba adzakhwefuka, kawaya koyeza kutentha kotchedwa thermistor kadzaduka mkati. Mzungu wa ku Berlin zikamuchitikira, mawa lake sipeya ili pakhomo. Iwe udzadikira masabata, mwina mpaka wina wochokera ku Joni akutengere m'chikwama. Ndiye poyerekeza maprinta awiri, usafunse kokha kuti yoyenda bwino ikangotuluka m'katoni ndi iti. Pamenepo A1 mini imapambana, ndikuvomereza: imadziyeza yokha, ndipo woyamba kumene amaumba chinthu chooneka bwino tsiku lomwelo. Koma nozzle ndi mutu wake n'zakapangidwe kakekake, sungazule za pa printa ya mtundu wina nkuikapo. Za banja la Ender zimapangidwa ndi mafakitale ambirimbiri, zimamasulidwa ndi alenki wamba, ndipo iwe amene umawotcherera timawaya ta m'foni sungalephere kusintha kafani. Funsa anzako a ku MUBAS ndi ena a m'tauni muno kuti ambiri ali ndi mtundu uti. Amene ali nayo ngati yako ndi amene adzakubwereke thermistor Lamlungu madzulo. Safunsa anadya phula. Ndipo tsiku loitanitsa printayo, m'katoni momwemo muloweretu ma nozzle asanu kapena khumi, thermistor, kotenthetsera mutu, lamba ndi kafani. N'zopepuka, zotchipa, koma kuitanitsa chimodzichimodzi mtengo wotumizira udzakuliza.

Wina akakutsatsa yogwiritsidwapo kale ntchito, usaikane msanga, koma usapereke ndalama isanayake pamaso pako. Aumbe kabokosi kakang'ono iwe uli pomwepo. Goneka rula yachitsulo pa bedi uone ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Nunkhiza pamene mawaya akuluakulu akulumikizana, ngati pada kapena pakumveka kupsa, tsanzika.

Za magetsi ndikuuza mosabisa. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230. Maprinta ambiri otchipa ali ndi kaswichi kofiira pa bokosi la magetsi, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Kayang'ane usanalowetse pulagi m'soketi. Kakakhala pa 115, udzamva phuu, nkutsala ndi utsi. Chachiwiri, chinthu chachikulu ngati chibakera chimatha kutenga maola asanu kapena asanu ndi atatu, ndipo magetsi athu ukuwadziwa khalidwe lake. Funa printa imene imakumbukira pamene inalekezera. Komabe usaikhulupirire kwambiri, chifukwa bedi likazizira chinthucho chimamatuka, ndipo magetsi akabwera nozzle imangochikankhira pansi. Mnyamata wa kutchalitchi uja anataya bulaketi itatsala pang'ono kutha, ine ndili pomwepo, ndipo mawu amene ananena sangabwerezedwe pamaso pa mwana. Printa yaying'ono imakoka mphamvu zambiri pamene ikutenthetsa bedi, kenako imatsikira cha m'ma wati 100 ikamaumba PLA. Inveta ndi batire zooneka bwino zingakuolotse. Ufunsenso ngati imadzizimitsa yokha kutentha kukasokonekera, ndipo ngakhale akuuze kuti inde, usaisiye ikuyenda iwe uli ku mpira, kapena kuiika pafupi ndi makatani.

Mtengo umene ukuuona pafoniwo ndi wa kumene kuli printayo, osati wa pa Chirimba. Wonjezerapo wotumizira, msonkho wa ku kasitomu, ndi kuvuta kwa ndalama zakunja. Kenako filamenti, amene ndi chakudya chake cha moyo wonse. Ine ndikanati gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zako lisakhudzidwe, likhale la filamenti ndi masipeya. Ngati zotsalazo sizikukwanira printa imene waikonda, tsikira pa yaying'ono, osati kugula ng'ombe ulibe msipu. Filamentiyo amamwa chinyezi, makamaka PETG ndi TPU m'nyengo ya dzinja. Ukamva akuthetheka pa nozzle ngati nkhuni yaiwisi, ndipo chinthu chikutuluka ndi ubweya, wanyowa. Musunge m'ndowa ya chivundikiro cholimba pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Pali china chimene ungayambe lero usanawononge tambala. Pa intaneti, pa Thingiverse ndi Printables, pali zojambula zaulere zosawerengeka, koma kagiya ka makina a azakhali ako, amene anagulidwa iwe usanabadwe, mwina sudzakapezako. Uyenera kukajambula wekha. Tinkercad ndi yophweka, FreeCAD ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. Ukajambula, lowetsa mu Cura, PrusaSlicer kapena OrcaSlicer, mapulogalamu aulere odula chojambulacho m'mizere. Amenewa adzakuuza maola ndi magalamu a pulasitiki amene chinthucho chidzadye, ngakhale printa ulibe. Pamenepo udzadziwa ngati ungagulitse kakilipi kamodzi pa mtengo woti munthu wa ku Ndirande asakuseke, poti iye amatha kukapeza kakale pa galimoto yophwasulidwa.

Udzaphunziranso kuti bowo limatuluka lopanikiza pang'ono kuposa mmene unajambulira, ndiye umaonjezera ngati mamilimita 0.2 kuti bauti ilowe. Udzaphunzira kuti chinthu choumbidwa chili ngati chikuni: chimang'ambika motsatira mizere yake. Ngowe yopachikira chikwama ukaiumba choimirira imathyoka pakhosi, ukaiumba chogona cham'mbali imanyamula. Ndipo pali zinthu zoti uzikane ngakhale kasitomala atakupatsa ndalama zingati: chilichonse cha mabuleki kapena chiwongolero, cha pa silinda ya gasi, chosenza thupi la munthu, ndi kapu kapena supuni ya mwana, popeza timipata ta pakati pa mizere timasunga litsiro losachoka ndi sopo.

Tsegula kabati yapansiyo, kuseri kwa Baibulo la agogo ako kuli kabokosi ka thabwa. M'menemo muli vernier yanga yoyezera, ndakhala nayo chiyambire ndili mnyamata ngati iwe. Uipukute ukatha kugwiritsa ntchito, ndipo isagwe pansi. Tenganso kabatani ka hotipuletika. Kabowo kake sikozungulira konse, mbali imodzi n'kophwatalala kuti kagwire chitsulo, ndiye uyeze malo awiri. Loweruka ubwere ndi chojambula chake pa laputopu, tidzaone kuti Cura akuti maola angati.